NJIRA YA MWALA NDI NJIRA YA GUDUMU

Aliyense amene anagwirapo nchito pa mgodi adziwa lamba wamkuru uja wonyamula miyala ya mkuwa. Lambayo ayenda usana ndi usiku, ndipo pofika ku mapeto ake miyala imcoka nigwera m'nkhokwe ya citsulo imene iri pansi. Koma munthu wopenyetsetsa aona kuti miyalayo siigwa molunjika monga dontho la mvula locokera pa denga. Iyamba yaponyedwa patsogolo, pambuyo pake niwerama pang'onopang'ono, ndipo njira yake m'mwamba ikhala yokhota ngati uta. Cifukwa ca ici nkhokweyo saiika pansi penipeni pa mapeto a lamba, koma aisendeza patsogolo.

Funso la lero ndi ili: kodi amisiri adziwa bwanji malo oikapo nkhokweyo lamba asanayambe kuyenda, mwala ndi umodzi womwe usanagwe? Saombeza ula, ndiponso sangoyesa mwamwai. Ayamba ajambula njira ya mwalawo pa pepala, ndipo nzeru yojambulira ndiyo imene ana a sukulu za sekondale aphunzira asanalowe m'masamu akuya ochedwa calculus. Pa Cingerezi nzeruyi aicha parametric equations. Dzinali n'lolemera pa lilime, koma tanthauzo lake n'lapafupi: cinthu coyenda acifunsa mafunso awiri, wofunsayo atagwira koloko m'manja.

Mafunso awiri ndi koloko

Mlendo akasowa nyumba m'komboni, womlangiza amuuza kuti, "Mupitirire miseu itatu, ndipo mukakhota muwerenge nyumba zisanu." Manambala awiri okha akwanira kupeza nyumba imodzi pakati pa nyumba mazana. Pa pepala la timabokosi, limene ana a sukulu ajambulapo, ndi momwemonso. Nambala yoyamba, imene ailemba ndi cilembo x, inena mtunda wa kutsogolo. Nambala yaciwiri, ya cilembo y, inena mtunda wa kumwamba kapena kunsi. Munthu wa ku France, René Descartes, ndiye anaonetsa m'buku lake la caka ca 1637 kuti mzere wokhota ungathe kulembedwa ndi zilembo ndi manambala, monga mau alembedwa m'kalata.

Koma nyumba siiyenda, pamene mwala uyenda. Cotero pafunika nambala yacitatu, ndiyo nthawi, imene ailemba ndi cilembo t. Nambala imeneyi siioneka pa cithunzi konse, komabe ndiyo itsogolera zinzake ziwiri zija, ndipo dzina lake ndi parameter. Wojambula afunsa kuti: pakapita masekondi akuti, mwala wafika pati kutsogolo? Afunsanso kuti: pa nthawi yomweyo watsika mtunda wanji? Funso liri lonse liri ndi lamulo lake, ndipo malamulo awiriwa pamodzi ndiwo parametric equations.

Amene anaona poyamba kuti ulendo wa mwala ugawika pawiri motere ndi Galileo, wobadwira ku Pisa m'dziko la Italy m'caka ca 1564. M'buku lake la 1638 anafotokoza kuti cinthu coponyedwa ciyenda maulendo awiri nthawi imodzi, ndipo ulendo wina susokoneza unzake. Kutsogolo ciyenda ndi liwiro losasintha. Kunsi cigwa ndi liwiro lomka likula. Muyeso wake ndi uwu, ngati mphepo siiwerengedwa: m'sekondi imodzi mwala ugwa mafiti 16, m'masekondi awiri mafiti 64, m'masekondi atatu mafiti 144. Nthawi ikacuruka kawiri, mtunda ucuruka kanai. Ikacuruka katatu, mtunda ucuruka kasanu ndi kanai.

Tsono lamba wa pa mgodi uja ayende mafiti 10 pa sekondi. Malamulo awiri akhala awa:

x = 10t

y = 16t²

Cilembo t cokhala ndi ka 2 pamwamba citanthauza t wocurukitsidwa ndi t yemweyo, ndipo pano y ayesa kunsi. Itapita theka la sekondi, mwala uli mafiti 5 kutsogolo ndi mafiti 4 kunsi. Itapita sekondi imodzi, mafiti 10 kutsogolo ndi 16 kunsi. Pa sekondi ndi theka, 15 ndi 36. Pa masekondi awiri, 20 ndi 64. Wojambula aika kadontho pa pepala pa malo ali onse anaiwa, nalumikiza timadonthoto motsata nthawi, ndipo uta uja uturukira wokha. Dzina la mzere wotere ndi parabola. Madzi oturuka m'paipi yothirira dimba aulemba tsiku ndi tsiku, ndipo mpira wokankhidwa m'mwamba uyenda pafupifupi njira yomweyo.

Apa funso loyamba lija layankhidwa. Ngati pakamwa pa nkhokwe pali mafiti 16 kunsi kwa lamba, mwala ufikapo itatha sekondi imodzi, ndipo nkhokweyo iyenera kukhala mafiti 10 patsogolo. Wina akaonjeza liwiro la lamba kufika mafiti 15 pa sekondi, lamulo la y silisintha, koma la x lisintha, ndipo miyala idzagwa mafiti 5 kupitirira pamene inali kugwa kale. Munthu amene anazolowera kuima pamenepo, poganiza kuti ndi pabwino cifukwa dzulo panali pabwino, ali pa ngozi. Comweconso ndi munthu wolumpha pa lole yothamanga mamailo 30 pa ora. Mapazi ake acoka pa lole, koma thupi lake likali ndi liwiro la loleyo, ndilo mafiti 44 pa sekondi, ndipo nthaka imlandira ali pa liwiro limenelo.

Kadontho ka coko pa tayala

Njira ya mwala ndi yosabvuta, pakuti mwala subwerera m'mbuyo. Nzeruyi ionetsa mphamvu yake pa zinthu zoyenda mozungulira, ndipo citsanzo cake ciri pa khomo la anthu ambiri, ndico njinga.

Munthu atenge njinga ya magudumu a mainchi 28, nalembe kadontho ka coko pa tayala pamene likhudza nthaka. Akakankha njingayo pa malo osalala, kadonthoko kayenda njira yotani? Ambiri ayankha msanga kuti kazungulira. Inde kazungulira kwa wokwera njingayo, cifukwa iye ayenda pamodzi ndi gudumu. Koma kwa munthu woima pambali pa mseu sikazungulira ai. Kakwera, kafika pamwamba, katsika, kakhudza nthaka, ndipo kakweranso, monga cule wolumphalumpha.

Manambala ake ndi okoma. Gudumu la mainchi 28 likazungulira kamodzi liyenda mainchi 88. Ngati lizungulira kamodzi pa sekondi, njinga iyenda mamailo 5 pa ora, ndilo liwiro loposa pang'ono la munthu woyenda mofulumira. Pano maulendo alinso awiri. Habu, ndiyo pakati pa gudumu, iyenda molunjika mainchi 88 pa sekondi, iri mainchi 14 pamwamba pa nthaka nthawi zonse. Kadontho kazungulira habuyo, nthawi zina kali kumbuyo kwake, nthawi zina kutsogolo, nthawi zina pamwamba, nthawi zina pansi.

Poyamba kadontho kali pa nthaka. Gudumu litazungulira gawo limodzi la magawo anai, habu yayenda mainchi 22, koma kadontho kali kumbuyo kwa habu ndi mainchi 14, cotero kayenda mainchi 8 okha kutsogolo, ndipo kakwera mainchi 14. Litazungulira theka, kadontho kali pamwamba penipeni: mainchi 44 kutsogolo, 28 kumwamba. Pa magawo atatu habu yafika pa 66, kadontho kali patsogolo pake ndi 14, ndiye kuti pa 80, ndipo katsika kufika pa 14. Pomaliza kali pa 88, pa nthaka. Kwa ana a sukulu amene aphunzira sine ndi cosine, malamulo awiri alembedwa motere, t ali masekondi ndipo ngodya iyesedwa ndi madigiri:

x = 88t − 14 sin 360t

y = 14 − 14 cos 360t

Wosadziwa sine ndi cosine asade nkhawa. Nchito yake m'malamulowa ndi kungonena kuti kadontho kali kutsogolo kapena kumbuyo kwa habu ndi mainchi angati, ndiponso pamwamba kapena pansi pake ndi angati.

Manambalawa aulula cinsinsi cimene maso sacigwira. Nthawi ziri zonse zinai zija n'zolingana, komabe kutsogolo kadontho kayenda mainchi 8, kenaka 36, kenakanso 36, potsiriza 8. Wodula nthawi mocepa koposa aona zodabwitsa zoposa. M'gawo loyamba la magawo asanu ndi atatu a sekondi kadontho kasendera inchi imodzi cabe kutsogolo, kukwera mainchi 4. M'gawo lofikira pamwamba kaponyedwa mainchi 21. Coonadi ndi ici: mbali ya tayala yokhudza nthaka iima nji kwa kanthawi, pamene mbali ya pamwamba ithamanga kawiri liwiro la njinga. Njinga ya mamailo 5 pa ora iri ndi pamwamba pa tayala pothamanga mamailo 10. Pa cithunzi cojambulidwa ndi kamera ca njinga yothamanga, masipoko a pamwamba aoneka osokonezeka, a pansi oonekera bwino. Ndipo pansi pakadapanda kuima, tayala likadaterereka, monga licitira m'matope a dzinja.

Mzere umene anzeru anaulimbirana

Dzina la mzere uwu ndi cycloid, ndipo anaucha dzinalo ndi Galileo yemwe uja. Iye anafuna kudziwa kukula kwa malo okhala pakati pa uta umodzi ndi nthaka. Posowa masamu okwanira, anadula cifanizo ca utawo ndi cifanizo ca gudumu, naziika pa sikelo, napeza kuti uta ulemera pafupi katatu kuposa gudumu. M'caka ca 1634 Gilles de Roberval wa ku France anatsimikiza ndi masamu kuti ndi katatu kwenikweni. Pa gudumu la njinga lija pangalowe timabokosi 616 ta inchi imodzi m'litali ndi m'lifupi. Pansi pa uta wake pangalowe 1,848.

M'caka ca 1658 Christopher Wren, amene pambuyo pake anamanga chalichi cacikuru ca St Paul ku London, anapeza kutalika kwa utawo. Ndi kanai msinkhu wa gudumu, kosaonjeza kapena kucotsa kanthu. Cotero pamene njinga iyenda mainchi 88, kadontho kayenda mainchi 112. M'caka comweco Blaise Pascal anaitana akatswiri a masamu a ku Ulaya kuti apikisane poyankha mafunso ena a mzere womwewu, ndipo panabuka mikangano yambiri ya kuti anayamba kupeza cakuti ndani.

Uta uwu ukatembenuzidwa, nukhala ngati mbale, ucita zina zacilendo. Christiaan Huygens wa ku Holland anapeza m'caka ca 1659 kuti kampira kotsetsereka m'mbale yotere kafika pansi pa nthawi yofanana, kaya kayambira pamwamba pa mkombero, kaya pafupi ndi pansi. Koyambira kutali kayamba potsetsereka kwambiri, nikapeza liwiro lolipira mtunda wake. Huygens anali kufuna koloko yosanama, pakuti amalinyero a masiku aja, posowa koloko yokhulupirika, sanali kudziwa bwino pamene zombo zao zafika kum'mawa kapena kumadzulo, ndipo zambiri zinali kusweka pa miyala. Anapanga koloko imene citsulo cake colendewera ciyenda njira ya cycloid, naifotokoza m'buku lake la 1673. Pa nyanja kolokoyo siinathandize monga anayembekezera, cifukwa ca kugwedezeka kwa combo, koma masamu ake anakhala oona.

M'caka ca 1696 Johann Bernoulli anafalitsa funso ili: pakati pa malo okwera ndi malo otsika amene sali pansi pake penipeni, ndi njira yotani imene cinthu cingatsetserekemo mwa nthawi yocepa koposa? Nzeru ya masiku onse iti njira yolunjika, pakuti ndiyo yaifupi. Koma yankho ndi cycloid yotembenuza ija. Njira yake njaitali, koma igwetsa cinthu msanga poyamba, ndipo liwiro lopezeka msangalo lipambana. Isaac Newton analandira funsoli m'mwezi wa January 1697, ali pa nchito yoyang'anira nyumba yosulira ndalama ku London, ndipo analiyankha usiku umodzi. Gottfried Leibniz ndi Jacob Bernoulli, mkuru wake wa Johann, anapezanso yankho lomwelo.

Anchito a pa njanji ali ndi cao cozizwitsa. Gudumu la sitima, ngakhale la ngolo za pansi pa mgodi, liri ndi mkombero wotsikira m'kati mwa njanji kuti lisaturuke. Mkomberowo uli kutali ndi pakati pa gudumu koposa mbali yogunda njanji. M'malamulo aja, nambala yocurukitsa sine ndi cosine ikula pang'ono, ndipo cithunzi cisintha: pansi pa uta uli wonse paoneka kamfundo, pamene mzere ubwerera nudzidutsa wokha. Kunena kwake nkwakuti pa sitima yothamanga kucokera ku Ndola kunka ku Lusaka, nthawi zonse pali tizigawo ta magudumu ake timene, kwa kamphindi, tikubwerera ca ku Ndola. Mzere wodzidutsa wotere ubvuta kuulemba ndi lamulo limodzi la x ndi y, cifukwa pa x mmodzi pakhala mayankho a y angapo. Koma wotsata nthawi sasokera, pakuti pa nthawi imodzi cinthu cikhala pa malo amodzi.

Pamene njira ziwiri zikumana

Phindu lalikuru la kusunga nthawi m'masamuwa lioneka pamene zinthu ziwiri ziyenda. Pa mapu mseu ndi njanji zidutsana, ndipo zikhala zodutsana caka conse popanda wobvulala. Mapu aonetsa njira cabe. Ngozi ibwera pokhapo pamene sitima ndi galimoto zifika pa malo amodziwo pa nthawi imodzi.

Sitima ikhale mafiti 440 kucokera pa mphambano, ikuyenda mafiti 44 pa sekondi. Lole ikhale mafiti 220 kucokera pa mphambano yomweyo, ikuyenda mafiti 22 pa sekondi, ndiwo mamailo 15 pa ora. Mtunda wotsalira sitima ndi 440 − 44t, wotsalira lole ndi 220 − 22t. Yonse iwiri itha pamene t afika pa 10. Dalaivala angadzitonthoze kuti iye ali pafupi ndipo sitima iri kutali kawiri, koma masamu ati zikumana. Ndiponso sitima si kadontho. Ngati njaitali mafiti 880, itseka mphambano kuyambira sekondi ya 10 kufikira ya 30.

Wojambula malo a ziwirizi sekondi ndi sekondi aona cinthu cina coopsa. Poyamba mitunda ndi 440 ndi 220. Patapita masekondi 5 ndi 220 ndi 110. Pa masekondi 9 ndi 44 ndi 22. Nthawi zonse wa sitima ndi wowirikiza wa lole, cotero mzere wocokera m'diso la dalaivala kufika ku mutu wa sitima supendeka konse. Kwa iye sitimayo ioneka ngati yaima pa malo amodzi a windo lake, ingokula pang'onopang'ono. Diso la munthu ligwira msanga cinthu cosuntha, koma licedwa kuona cimene cioneka cokhazikika, ndipo ngati malowo abisika kuseri kwa citsulo ca m'mbali mwa galasi, sitimayo ibisika ulendo wonse. Oyendetsa zombo ndi ndeke aphunzitsidwa lamulo limeneli: cimene cikula m'maso koma osasendera kumanja kapena kumanzere, cikubwera kudzagunda. N'cifukwa cake pa mphambano ya njanji dalaivala wanzeru aima, nayang'ana mbali zonse ziwiri, osakhulupirira kupenya kwa kamodzi.

Wosewera mpira wodziwa nchito yake acita masamu omwewa ndi phazi. Saponya mpira pamene mnzake ali, koma pamene adzakhala mpirawo pofika. Mlenje wolasa gwape wothamanga alozanso patsogolo pa nyamayo.

Omvera amene ali ndi ana a sukulu angathe kuyesa zimenezi pa Loweruka masana. Acotse gudumu la kutsogolo la njinga, amange coko ndi mphira m'mphepete mwa tayala, ndipo aligubuduze pang'onopang'ono motsamira cipupa cosalala kufikira coko cibwereranso pansi. Pa cipupa padzatsala uta. Ayese pansi pake ndi cingwe, ayesenso utawo pougonetsa cingweco m'kukhota kwake, ndipo aone ngati sapeza pafupi mainchi 88 ndi 112. Coko sicikhala pa nsonga yeniyeni ya tayala, cotero muyeso ungaphonye pang'ono. Atatero, mwana atenge pepala la timabokosi, alembe mizere itatu ya t, x ndi y, awerenge kadontho kamodzi-kamodzi, ndipo alembe nthawi yake pambali pa kadontho kali konse, ndi kamubvi koonetsa kumene cinthu cilowera. Nchitoyi ifuna mtima wofatsa, pakuti akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wozolowera kufunsa kuti cinthu ciri pati ndiponso cidzakhala pati pakapita masekondi akuti, wayamba kale nchito ya mmisiri uja woika nkhokwe pansi pa lamba.